Mchombo wa Tadala m'munda wa mpesa

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Nachisale wanu. Musadabwe ndi kalatayi. Sukulu sindinaipondepo monga mudziwa, koma foni za masiku ano ukamaziyankhula zimalemba zokha, ndipo iyi ndaiuza kuti isandisinthire mawu.

Ndili ku Mangalande, ku Dudley, kwa mwana wanga Esinati, amene munamusiya akukwawa uja. Pano ndi nesi pa chipatala chachikulu. Wabereka mwana wamkazi, dzina lake Tadala, mphumi ngati yanu. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino, mtedza ndiye wakana, ndipo denga la kukhitchini lija lagwa.

Vuto linabuka mchombo wa mwana utagwa. Esinati anafuna kuutaya m'bini. Ndinaulanda. Paja inu munkati mchombo ukasowa dothi, mwana amasowa kwawo. Koma dothi lake liti? Nyumba ndi ya landilodi, kuseli konse ndi simenti. Ndinaumanga pansonga ya chitenje n'kunena kuti ndikaukwirira ku Ntcheu. Esinati anati mwanayu ndi wa kuno, ndisamukokere kumene sadzakhalako. Tinafika pomapatsana moni wapakamwa pokha.

Loweruka lina apongozi anga, bambo a Tadala, anatitenga kukaona anzawo kufupi ndi Worcester. Tili mkati mwa minda tayala linaphulika. Iwo akulimbana nalo, ine ndinabereka mwana n'kulowa pachipata chomwe chinali chotsegula.

Amayi, ndaona mpesa! Uja tinkamva abusa akuwerenga pa mgonero. Ine ndinkayesa ndi mtengo waukulu ngati mkuyu. Ayi ndithu, ndi kamtengo kopindikapindika, kongondifika m'chiuno, komangiriridwa ku waya ngati tomato wa ku Lizulu. Koma mizere yake! Yoongoka phiri lonse, popanda udzu ndi umodzi womwe. Amene amalima pamenepo khasu amalilemekeza.

Woyamba kundipeza anali mzungu wokalamba, mwini munda, ali ndi galu wake. Ndinakonzeka kuthamangitsidwa. Iye anavula chipewa, n'kukanditengera vinyo m'katambula. Ndinangonyowetsa lilime, musakanene kwa amayi a Mvano ali kumenekowo.

Kumunsi kwake ndinapeza mayi wina wamsinkhu wanga, mpango kumutu, atagwada akubzala mbande za mpesa m'malo mwa zimene zinafa. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti ndi wa ku Romania, wobwera kudzagwira ganyu. Chizungu chake ndi changa n'chimodzimodzi, palibe. Koma manja ake, Amayi! Ankayala mizu bwinobwino, n'kutsendera dothi ndi chibakera monga munkachitira ndi mbewu ya chinangwa. Ndinagwada n'kumugwirira mbande. Anaseka chifukwa cha mmene ndinaberekera mwana, ine ndinaseka nsapato zake zachimuna.

Ataona mfundo ya pachitenje anailoza. Mundikhululukire, ndinamasula n'kumuonetsa, chinthu chosaonetsa mlendo. Sananyansidwe. Anagwira pamchombo pake, analoza Tadala, kenaka anapsompsona zala zake. Anatchula maina atatu akuloza kutali, ndipo ndinadziwa kuti ndi ana ake. Atatero anakulitsa dzenje lomwe anali atakumba, n'kukhala pansi kundidikira.

Ndinaima nthawi yaitali. Ine sindigonja msanga, mukundidziwa. Koma ndinaganiza kuti ku Ntcheu kumene ndikuumirira, Tadala adzapitako ngati mlendo. Pano pali dothi losamalidwa, ndi mtengo umene Ambuye anadzifanizira nawo. Ndinaitana Esinati. Anabwera akung'ung'udza za matope, koma ataona dzenjelo anagwada. Mchombo anauika yekha ndi dzanja lake. Mayi uja anaika mbande pamwamba, ine ndinakwirira ndi kutchula dzina lanu ndi la agogo a Nangozo, kuti mudziwe pamene pali mwana wanu.

Dzina la mayiyo sindinalimve bwino, ndipo sindikhulupirira kuti tidzaonananso. Esinati ndamuuza kuti si iye wapambana, ndinasankha ndekha.

Tsono Amayi, dera lanu loyang'anira lakula. Mzere umene tinakwirira mchombowo ndi woyandikana ndi mpanda, kumunsi kwa phiri. Kumazizira, mudzafunde. Ine ndisanakwere ndege ndidzapitanso kukaona ngati mpesawo waphuka, ndipo ndikafika kumudzi ndidzayamba kwa inu kudzalambula pamanda panu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nachisale