Ndinatseka Paipi ya Mafuta pa Thirakitala ya Mnzanga

Aphungu,

Ndine bambo wopuma pa ntchito ya positi. Moyo wanga wonse ndanyamula makalata a anthu ena, koma yolembera nyuzipepala iyi ndi yoyamba. Maina ndasintha, ngakhale n'kungotaya nthawi, chifukwa aliyense wosunga mathirakitala akale kuyambira kuno ku Borger mpaka ku tauni ya Emmen adziwa amene ndikunena.

Mnzangayo timutchule kuti Egbert. Tinadziwana pa msika wa zitsulo zakale, tonse titagwira pampu imodzi yadzimbiri, iye mbali iyi, ine mbali iyo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Si iwe umanyowetsa makalata anga uja? Taya, sudziwa ntchito yake." Sindinataye. Pampuyo sinagwirepo ntchito mpaka lero, koma kuyambira nthawi imeneyo Loweruka lililonse ndimakhala m'shedi mwake. Ana ake anakula akuyesa kuti ndine mbali ya katundu wa mmenemo.

Ine ndili ndi timathirakitala titatu todzuka ndi kiyi ngati galimoto. Egbert amatitcha njinga za positi. Iye ali ndi imodzi yokha, imene inali ya bambo ake, yaikulu, ya silinda imodzi, dzina lake Griet. Griet sadziwa kiyi. Pomudzutsa umayatsa nyali ya palafini yolavula moto n'kuwamba mutu wa injini mpaka chitsulo chifiire. Kenako umazula chiwongolero pamalo pake, n'kuchilowetsa m'chigudumu cholemera cha m'mbali, n'kuchigwedeza uku ndi uku mpaka injini igwire. Ikagwira umachisolola msanga, ukachedwa chikuthyola mkono, n'kukachibwezera pamwamba. Ntchito tinagawana kalekale: ine moto, iye chiwongolero. Kumuyendetsa Griet sindinamuyendetsepo. Mwini wake salola.

Injini zamtunduwu nthawi zina zimadzuka zikuzungulira chakumbuyo. Kwa ife ena kulira kwake n'kumodzimodzi, koma Egbert ankamva ali chitembenukire, akuthira khofi. Ankangoti, "Wadzuka chafutambuyo lero mayiyu," n'kuchepetsa mafuta mpaka injini itatsala pang'ono kuzima, n'kuibweza njira yake.

Chaka chatha, pa chionetsero cha mathirakitala cha mu Meyi, sanamve. Anakwera, anaika giya yoyamba, Griet n'kubwerera m'mbuyo kukalowa mu tenti ya khofi. Palibe anavulala. Zimene zinapita ndi tebulo, mipando ndi makeke onse a amayi a kutchalitchi. Anthu anaseka, Egbert n'kuseka nawo. Ine ndinali pafupi, ndinaona mmene phazi lake linafufuzira popondera, ngati munthu wofuna nsapato mumdima. Pa mpando umodzi mwa yophwanyikayo panali patangochoka mayi wina wa khanda.

M'nyengo yozizira adokotala anatchula dzina la matendawo. Panopa Egbert amandifunsa mobwerezabwereza ngati mkazi wanga ali bwino, pamene bokosi la mkazi wangayo ananyamula nawo iye yemwe. Koma mum'patse sipanala, manja ake sanaiwale kanthu.

Mu Malichi akazi ake, alamu anga a Jantien, anandiitanira kukhitchini. Anati, "Alamu, anzanuwa akuti chaka chino atsogolera ulendo wa mathirakitala wa mu Meyi ngati kale. Mumsewu, kudutsa pasukulu, m'mbali mwa ngalande. Ine ndalankhula mpaka kukamwa kuuma. Ndikawauza amavomera, mawa lake ndiwapeza akupukuta chipewa cha paulendo. Inu chitanipo kanthu pa chitsulocho, chisadzuke."

Ndinati, "Mukundituma ufiti, alamu."

Anati, "Bola ufiti kusiyana ndi maliro a mwana wa eni. Ndikuwonjezereni khofi?"

Ndinachita. Tsiku lina Egbert atapita kukameta, ndinamasula paipi yochokera ku pampu ya mafuta, ndinalowetsa kachitsulo kafulati kopanda bowo polumikizira pamunsi, n'kumanganso. Ndinapakapo girizi wakale wakuda kuti pasaoneke kuti padutsa sipanala. Ndinkayesa kuti ayesa kangapo n'kugwa ulesi.

Sanagwe ulesi. Loweruka lililonse ine ndimawamba mutu wa injini ndikudziwa kuti mafuta safika, iye n'kumagwedeza chiwongolero mpaka malaya kunyowa. Amakuwa kuti, "Wapositi iwe, motowo ndi wootchera soseji? Onjezera!" Ine n'kuonjezera. Kenako amayamba kufufuza. Egbert wakale akanakapeza kachitsuloko khofi asanazizire. Wa leroyu amayamba bwinobwino, koma akatembenuka kuti atenge sipanala ina waiwala pamene anali, n'kuyambiranso ku thanki. Akayandikira kwambiri, ine ndimati, "Kodi thanki ija tinaiona?" Ndiye timabwerera ku thanki.

Masabata apitawa wapeza nzeru. Amalemba mtanda ndi choko pa chilichonse chimene wamasula n'kupeza kuti chili bwino. Anati, "Mutu wanga ndi sefa, koma choko sichidontha." Griet tsopano ali mitanda thupi lonse ngati manda a asilikali, ndipo mitandayo ikutsika ndi paipi ija. Loweruka lapitali inafika pa nati yoyandikana ndi yanga. Chokocho ndinachigwira m'manja kuti ndilembe mtanda wanga pa nati yobisa kachitsuloyo. Sindinalembe. Musayese kuti ndi chilungamo chinandigwira dzanja, iye ndi amene anatembenuka msanga.

Tikumwa khofi tsiku lomwelo anayamba kulankhula osandiyang'ana. Anati, "Maina ndataya, masiku ndataya. Zimenezo sizindipweteka kwenikweni, ambiri anali maina a zitsiru. Koma uyu ndinayamba kumudzutsa ndili m'kabudula. Ngati uyunso wandikana, ndiye kuti muno mwatsala chiyani?" Anagogoda pamutu pake ndi sipanala. Kenako anati, "Bola ulipo iwe. Sudziwa kanthu, koma sunama."

Ulendo uja wayandikira. Akakapeza kachitsuloko adziwa mwini wake, chifukwa m'shedimo timalowamo awiri, ndipo a Jantien sadziwa kumene sipanala imagwirira. Ndikakachotsa mwakachetechete, Griet adzuka ndipo Egbert akwera. A Jantien akuti ndikasamutse, ndikakaike polumikizira pena pamene iye analembapo kale mtanda, chifukwa pamenepo sadzamasulanso. Nzeruyo ingagwire ntchito mpaka Meyi atadutsa, mwina mpaka mapeto. Ndichite zimenezo?

L. B., Borger

*

Bambo L. B.,

Ayi, musakasamutse. Kachotseni, ndipo mukachotse Loweruka lisanafike.

Pa nkhani yaikulu alamu anu sanalakwe. Egbert sayenera kuyendetsanso pamsewu, chaka chino kapena china chilichonse, ndipo pamenepo musagwedezeke ngakhale alire. Koma taonani chimene mwatseka. Mumafuna kumuletsa kuyendetsa, inu mwamuletsa kudzutsa. Kuyendetsa amulanda ndi matenda. Kudzutsa akanathabe, mwamulanda ndinu, ndipo iye akuyesa kuti ndi matenda omwewo. N'chifukwa chake akudzigogoda ndi sipanala. Munthuyu wadziwa kuti mutu wake ukumunamiza, wadzipezera choko kuti akhale ndi chinthu chimodzi chokhulupirika. Mukabisa kachitsuloko kuseri kwa mtanda wake, mwamunamiza ndi dzanja lake lomwe.

Yambani ndi a Jantien, kukhitchini komweko. Auzeni kuti simupitiriza, koma musapite ngati woweruza. Inu mumamuona Egbert pa Loweruka, iwo amayankha funso limodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka kogona. Anakutumani ufitiwo chifukwa atopa. Munawafunsapo kuti amapuma liti? Ngati muli ndi tsiku lina lopanda ntchito pakati pa sabata, kam'tengeni mnzanuyo, mayiwo apumeko.

Ine za mathirakitala sindidziwa, koma mwandiuza nokha kuti popanda chiwongolero Griet sadzuka ndipo sayenda. Ndiye chiwongolerocho chizikagona kwanu, chizibwera ndi inu n'kubwerera ndi inu. Nyali yolavula moto ija muzitenganso. Munthu woiwala asamatsale yekha ndi moto m'shedi modzaza mafuta. Zimenezi muchite iye akuona, osati mozemba, ndipo alembe yekha pakhoma ndi choko chake kuti chiwongolero chili kwa wapositi.

Pemphani adokotala anene za msewuzi momveka, Egbert ali pomwepo, inu ndi a Jantien mulinso pomwepo, kuti kukanako kusakhale kwa mkazi yekha. Auzeninso okonza ulendowo. Musawope kuti muulula chinsinsi, onse anaona tenti ija ikugwa.

Griet angathe kutsogolerabe ulendowo. Egbert amudzutse pamaso pa anthu monga mwa masiku onse. Inu muyang'ane ndi maso kumene chigudumu chikuzungulira, musadalire khutu la wina aliyense. Kenako mukwere inu, iye akhale pa kampando ka pa madigadi, pamwamba pa tayala. Popeza simunamuyendetsepo, m'pempheni akuphunzitseni m'munda wa kuseri, kopanda anthu ndi ngalande. Adzakunyozani njira yonse kuti mukusintha magiya ngati mukupalasa njinga. M'lekeni. Munthu amene akuphunzitsa mnzake sadziona ngati wotha ntchito.

Funso limene simunafunse ndi lakuti mumuuze kapena ayi. Muuzeni. Sankhani m'mawa pamene mutu wake uli bwino, kachitsuloko kali m'manja mwanu, ndipo munene mwachidule kuti sanalephere iye, munatseka ndinu chifukwa mumaopa msewu. Simukumuuza kuti mtima wanu upepuke, mukumuuza kuti adziwe kuti manja ake analibe mlandu. Dzina la a Jantien lisatuluke pakamwa panu. Natiyo munamanga ndinu, ndipo iwo ayenera kugona naye nyumba imodzi usiku womwewo. Mwina akuthamangitsani m'shedimo. Pitani, Loweruka linalo mubwerere.

Chenjezo langa ndi ili. Za kachitsuloko munene kamodzi kokha, akaiwala musam'kumbutse. Koma za msewu adzaiwalanso, ndipo adzafuna chiwongolero chake sabata ndi sabata ngati n'koyamba, nthawi zina atavala kale za paulendo. Nthawi iliyonse mudzayenera kumuyang'ana kumaso n'kumukaniza, n'kulandira mkwiyo watsopano pa nkhani yakale. Lidzafika Loweruka limene mudzatope, n'kukumbukira kuti kunama kunali kopepuka, ndiponso kuti iye sangakugwireni. N'zoona, sangakugwireni, ndipo miyezi ikamapita kudzapepukirapepukira. Loweruka limenelo imbani foni kuti simubwera, mwana wake apite m'malo mwanu. Kujomba sabata imodzi Egbert angapirire. Koma mukapita, m'kanizeni momveka, kenako muyatse moto, iye agwire chiwongolero.