Pomwe mapazi aponda

Lachinayi. Kunja kwatentha ngati ng'anjo, koma lero ndiye ndapambana.

Kalabu yanga ya sayansi yapulumuka. Ahedi anabwera kudzaonerera, atanena kale kuti aitseka poti ana amangosinza. Sabata yatha ndinalephera kuwathandiza anawa kumvetsa chifukwa chimene kromosomu, kachingwe ka DNA konyamula malangizo a chibadwa, imafupikira kumapeto selo ikamagawikana.

Lero buku ndinalisiya patebulo. Onsewa ndi a kuno ku Lifuwu, kuwokera mpunga anayamba ali aang'ono. Ndinawauza kuti awerame, aziwokera ndi choko pasimenti akubwerera chambuyo monga amachitira kumunda. Atagunda khoma ndinafunsa, "Pomwe mwapondapo mwawokerapo?"

Asiyatu, mtsikana wosayankhula m'kalasi uja, anayang'ana mapazi ake. "Ayi madamu, patsala. Tilibe poima."

Basi, nkhani yonse ndi yomweyo. Chokopera DNA nachonso chimafuna poima, ndipo kumapeto malo amenewo amatsala osadzazidwa, ndiye kromosomu imafupika. N'chifukwa chake kuli telomiya, kachigawo kakumapeto kopanda malangizo, kuti kazitha ikoko m'malo mwa malangizo ofunikawo.

Ahedi anachita kudzuka n'kudzayesa okha, tayi ili lendelende. Potuluka anangoti, "Pitirizani, madamu."

Koma Asiyatu ananditsatira mpaka pomwe ndimaimika njinga. Ndinali nditanena kuti maselo a khansa amawonjezera telomiya yawo, ndiye satopa kugawikana. Anafunsa ngati n'zomwe zikuchitika m'bere la mayi ake.

Ndinamuuza kuti tikambirana mawa. Abwera ndithu, ndipo ine sindikudziwa kuti ndidzayambira pati...