Mapepala a vistu ndapereka, azakhali

Ulongwe, 19 Agostu

Okondedwa azakhali a Vitória,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Setúbal kuja. Kuno chisanu chatha, amayi ali kalikiliki kukumba mbatata ku Fonte Boa, ndipo akuti ndikupatseni moni wambiri.

Lolemba lapitali ndinakapereka mapepala a vistu, chilolezo cholowera dziko lanulo, ku konsuladu, ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Beira, kuti ndibwerere kumeneko kwa amuna anga a Filipe. Ndinanyamula pasaporte, sertidau ya ukwati wathu ndi zithunzi. Mayi wolandira mapepala anayang'anitsitsa chithunzi chija tinajambulitsa pa rejistu, ku ofesi yolembetsera ukwati, n'kufunsa kuti, "Nanga abale anu ali kuti apa?" Ndinaloza inu ndi duku lanu lobiriwira lija. Ndinati, "Awa ndi asuweni a abambo anga, koma tsiku limenelo anali mayi, anali bambo, analinso nkhoswe." Anamwetulira n'kudinda. Ine misozi inalengeza.

Akuti ndidikire miyezi iwiri, mwina kupitirira. A Filipe amaimba foni tsiku lililonse n'kumati adya, koma mawu awo sandikhutiritsa. Muzikawazonda Lamlungu, muone ngati sakuwonda.

Pali kanthu kena, azakhali. Papepala lina anafunsa kuti tikuyenda anthu angati, ine ndinalemba kuti mmodzi. Koma dzulo amayi anandiyang'ana ndikumanga kapulana pamimba, n'kundilanda ndowa ya madzi kuti ndisanyamule zolemera. A Filipe musawauze kaye, ndikufuna ndidzawauze ndikuwaona kumaso. Inu mungopemphera kuti vistu ituluke msanga, a ndege asanayambe kundikana.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Gracinda