Kathabwa ka pa Mfuti Yanga

Ababa, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno kudziko la eni, m'tauni ya Laurel, tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga. Kumudzi akuti mtedza wachita bwino koma chimanga chavuta. Mkazi wa Limbani, mlongo wanga uja munkamuti waulesi, wabereka mwana wamwamuna ndipo amutcha dzina lanu. Chikondi wanga wayamba sukulu. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, koma kumva akumva.

Tsono nkhani yeniyeni nayi, ndipo musakwiye. Ine mwana wanu wamkazi ndinagula mfuti. Inde, ine ndemwe amene munkandithamangitsa mukamatsuka gogodera wanu, mukuti mkazi akailumpha mfuti imaphonya. Kuno agwape ndi ochuluka ngati mbuzi, amatha chimanga m'minda ya anthu, ndipo boma limalola kuwasaka nyengo yake ikakwana. A Mwanza, bambo a ku Zambia amene timapemphera nawo, ndiwo ananditenga kokaphunzira mpaka ndinapeza chilolezo. Mfutiyo ndi yakale ya asilikali, yotchipa, yolemera ngati musi.

Pamwamba pa mpope wake pamakhala kathabwa koteteza dzanja kuti lisapse. Eni ake amati handigadi. Kanga kanali kong'aluka kale, ndipo tsiku lina kanangothetheka. Ndinati apa palibe vuto, ndine mwana wa mlenje. Ndinadula chubu cha njinga ya Chikondi n'kukulunga mpopewo bwinobwino, monga munkamangira gogodera wanu akang'aluka.

Ababa, ndinachita manyazi. Kumalo ophunzirira kuombera, nditaomba kangapo motsatizana, mphira ija inayamba kufuka n'kusungunuka, fungo lake malo onse, ndipo inandimata pachikhatho. A Mwanza anaseka mpaka misozi. Ndili m'galimoto m'pamene ndinazindikira kuti inu munkaomba kamodzi kokha, kenako n'kukhala pansi kuthira onga, ndiye mpope wanu sunkatentha. Zimenezi munkazidziwa, kapena munkangochita mwayi?

Bambo a Chikondi ataona dzanja lomangidwa bandeji anayankhula mwachidule. Akuti ndikapanda kuikonza moyenera, ndi ndalama zanga za ovataimu osati za lendi, nyengo yosaka isanayambe kumapeto kwa Novembala, mfutiyo igulitsidwe basi. Sindinawatsutse, chifukwa sakulakwa. Koma mtima wanga ukukana kuitaya.

Loweruka ndinapita kusitolo ya mfuti. Wogulitsa, mzungu wachikulire wa ndevu, anandiyalira mitundu itatu. Kapulasitiki kakuda ndiko kotchipitsitsa, sikawola ndi mvula, koma akuti mpaka ukapale ndi tupa kuti kakwane, ndipo ndikamakagwira kamangokhala ngati chigubu. Kathabwa katsopano kosalala, kokongola zedi, mtengo wake ukufika theka la mfuti yonse. Ndinangokasisita n'kukabweza, paja munkati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kenako anatulutsa katoni ya timatabwa takale tochotsedwa pa mfuti zina, todzaza girisi, mtengo wake pang'ono chabe kuposa pulasitiki. Anati ndisankhe ndekha, koma ndisamale chifukwa tina tili ndi ming'alu yobisika pansi pa mafutawo.

Ndinakumbukira mmene munkasankhira mtengo wa mpini kapena wa mfuti. Munkaugogoda ndi chala, n'kuuika kukhutu, n'kugwedeza mutu, wina kutaya wina kusunga. Nanenso ndinayamba kugogoda kamodzikamodzi, khutu lili tcheru, nkhope yanga ngati ya katswiri. Mzungu uja anachita chidwi, anandifunsa kuti ndikumvera chiyani. Zaka zonse zija ndinkakuonerani ndili patali, pakhomo la khitchini. Ndinaona dzanja lanu, koma phokoso limene munkalifuna sindinalimvepo. Limbani amene munkamuitana kuti adzamvere ndamuimbira foni, akuti iye ankangovomera kuti mumusiye akasewere mpira.

Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Nanga amene ankafuna kufunsa koma osaloledwa kuyandikira, ameneyo atani? Sindikukudandaulani, inali nthawi yake. Ndikungofuna kudziwa. Kodi thabwa labwino limalira mokweza, kapena motsitsa? Ndikanakhala mnyamata mukanandiuza chiyani?

Ndinatenga kamene kanalira mondisangalatsa ine. Ndakatsuka girisi, ndakayang'ana padzuwa, mng'alu sindinauone. Kakwana bwino, ndipo bambo a Chikondi akagwedeza n'kunena kuti tione kaye kakatentha. Mawa ndikukayesa. Kakang'aluka, mfuti ipita, ndipo sindidzalimbana nawo. Kakapirira, gwape woyamba chiwindi chake ndidzawotcha ndi mchere wokha monga munkakondera, ndipo Chikondi adzakhala pafupi nane pamene ndikutsuka mfuti, afunse zonse zimene akufuna.

Ndimakukondani, Ababa, ngakhale munali ouma mutu.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike