Mtsuko wa Makilo Naini

Adjamé, Abidjan
Lachitatu, mwezi wa Meyi

Okondedwa achemwali anga a Rasmata,

Ndayamba ndi moni, ine mng'ono wanu Talato. Kodi mwadzuka bwanji kumeneko ku Yako? Bondo la amayi lija lidaphwa? Nanga mwana wanga Wendyam, chifuwa chidamusiya? Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Ndikakhala ndikufuna kuyimirira, ndikayimirira ndikufuna kuyenda, mpaka dzulo ndapsereza nthochi chiwaya chonse.

Malonda a nthochi zokazinga akuyenda mwapendapenda. Mafuta akwera, ndipo mwini nyumba wati denga likadontha tizitchera beseni, mvula si yake.

Nkhani ndi mtsuko uja amayi adandipatsa tsiku lonyamuka, womata pakamwa ndi simenti n'kusiya kaboo koponyera makobidi. Mudalipo pamene adandilumbiritsa kuti sindidzauswa kwina koma pabwalo pawo, poopa kuti tauni ingandidyere ndalama monga idawadyera achimwene. Zaka ziwiri ndakhala ndikuponyamo tchenje. Tsopano wadzaza, khobidi likukana kulowa. Muli zingati? Ngati muli ndalama zokwana mafaranga 100,000, ndibwera osabwereranso kuno, ndidzayamba geni ya mapira ndi kulera mwana wanga ndekha. Ngati mulibe, ndiye kuti chaka china kuno. Lumbiro likundiletsa kuswa, mtima ukundiletsa kudikira.

Mnzanga wogona naye chipinda, Akissi, adatopa nane. Adati ndaugwedeza mtsukowo mokwana, si maseche, tiyeni tikauyeze pa sikelo ya a Issoufou ogulitsa anyezi. Poopa akuba ndidaukulunga, n'kuubereka kumsana ndi nsalu. Achemwali, manyazi! Amayi a mumsika ankandipatsa moni n'kumafunsa ngati mwana wagona. Wina adandikalipira kuti ndine mayi wanji wofunditsa mwana kumutu dzuwa lonseli.

A Issoufou adaseka mpaka kutsokomola, amvekere mwana wanga alibe khosi. Komabe adathandiza. Adatenga makobidi oyera a 100 okwana zana m'thumba mwawo, n'kuwayeza: magalamu 700, ndiwo mafaranga 10,000. Kenako mtsuko, makilo naini. Adachotsapo makilo awiri a dothi ndi simenti, kutsala seveni. Adati ndiye kuti muli 100,000 ndendende. Ndidalulutira pakati pa msika, ine!

Chimwemwe sichidafike ndi pa msewu pomwe. Bambo aja adandiitananso, n'kufunsa ngati ndinkaponyamo oyera okhaokha. Adaika khobidi lachikasu la 25 m'dzanja langa ili, loyera la 100 m'dzanja linali. Lachikasu ndiye lolemera, chonsecho mtengo wake ndi wochepa kanayi. Adati ngati mwadzaza achikasu, ndisayembekezere zoposa 22,000, sikelo imadziwa kulemera, sidziwa mtundu.

Kuyambira pamenepo mutu wanga wasanduka msika. Ndikukumbukira dzinja lija malonda adafa, ndinkaponyamo achikasu tsiku ndi tsiku kuti dzanja lisazolowere ulesi. Miyezi ingati? Itatu? Isanu? Ndasuzumira pa kaboo ndi tochi, ndikungoona khobidi limodzi lapamwamba, nalonso lachikasu, likundiyang'ana ngati wangongole. Akissi akuti ndingouswa, ndigule wina wofanana, amayi sadzadziwa. Ndidamuuza kuti amayi amadziwa nkhuku yawo ndi kulira komwe, nanji mtsuko woumba okha. Adati ndiye ndife nawo mtsuko wangawo, andiika nawo m'manda.

Koma chimene chandisowetsa mtendere si masamu ayi. Pobwerera kuchokera kumsika, mtsuko uli kumsana, ndidazindikira kuti ndikuugwira kumatako ndi kuugwedezagwedeza ngati mwana poyenda. Msana wanga udakudziwa kulemera kumeneko. Nditafika ndidatsegula chikwama, n'kutulutsa kapepala ka kusikelo ya ana komwe ndidakopera tsiku lomaliza kupita naye Wendyam. Makilo naini. Ndidamusiya ali ndi makilo naini. Ndidakhala pansi ndi kulira, Akissi mpaka adasiya zonyoza zake.

M'kalata yanu ija mudalemba kuti tsopano amakuitanani inu amayi. Sindikukwiyirani, mwandilerera bwino, Mulungu akudalitseni. Koma zidandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Choncho ndaganiza. Chiwaya, mbaula ndi benchi ndagulitsa kwa Akissi, ndalama ya basi yakwana. Ndinyamuka Loweruka likudzali, mtsuko uli wosaswa. Akhale oyera, akhale achikasu, tikaonera limodzi pabwalo pa amayi. Akakhala achikasu mudzandiseke, ndidzalima nawo mtedza.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwere naye Wendyam pokwerera basi Lamulungu, ndipo masiku atsalawa muzimuuza pang'onopang'ono kuti kukubwera amayi ake omubereka. Asadzandithawe pamaso pa anthu. Mtsuko mudzanyamule ndinu pamutu, kumsana kwanga kuli mwini wake, kaya walemera chotani.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Boureima, kwa azakhali a Pogbi ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu wosakhazikika,
Talato