Khutu la Mkwatibwi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga awiriwo. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinaleka? Kuno tili moyo. Mvula yagwa bwino, msipu wafika m'mawondo. Ng'ombe ziwiri zaswa mwezi watha, tsono m'khola muli khumi ndi imodzi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni umandipanikiza ndi mafunso ngati wapolisi, ine nkumangoti zonse zili bwino. Lero undimvere mpaka ndimalize.

Ukukumbuka ndinakuuza kuti Mkwatibwi, msoti wa ng'ombe woyera umaukonda uja, unang'ambika khutu pa waya? Si waya ayi. Ndinaling'amba ndine.

Alangizi a ziweto anatiuza kuti ng'ombe iliyonse ikhale ndi tagi ya nambala pakhutu tsiku la katemera lisanafike. Yopanda nambala sailemba m'buku, ndipo mkaka wake kumene timaperekera kuja salandira. Amayi ako matagiwo amangoti ndolo.

Ndinatenga pulayasi yathu yakale yobowolera makutu, tinalowetsa Mkwatibwi m'kampanda kopanikizira, amayi ako atagwira chingwe. Ndinaika tagi pamalo pake penipeni, pakati pa mitsempha iwiri ya khutu, nkufinya. Msomali wa pulayasiyo unangolowa theka, dzanja langa nkuima pomwepo. Kutseka osatseka, kutsegula osatsegula. Ng'ombe itamva ululu inapukusa mutu, khutu nkung'ambika mpaka kunsonga.

Magazi anandithira malaya onse. Koma chimene chikundidya mumtima n'chakuti ndinakalipira amayi ako kuti sanagwire bwino chingwe. Iwo anangopita kukatenga madzi a mchere ndi mankhwala a zilonda, nkutsuka khutulo.

Zoona zake n'zakuti manja anga atha mphamvu, mwana wanga. Zinayamba chaka chatha. M'mawa zala zimauma gwa, batani limodzi la malaya ndimalimbana nalo mpaka thukuta. Kukama ndinasiyira amayi ako, nkumanama kuti ng'ombe zimatulutsa mkaka wambiri zikamva manja awo. Ndinkabisa chifukwa ndikudziwa zimene unganene: gulitsani ng'ombe, mubwere kuno muzidzapuma. Ine m'nyumba yosanja imeneyo ndizikatani? Kuwerenga magalimoto pawindo?

Patapita masiku atatu amayi ako anavala nsapato zawo zaulendo, nkundiuza kuti tikupita kusitolo ya zipangizo za ulimi. Ndinati pulayasi yathu ikungofuna mafuta basi. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Bambo, amene amatsegula mabotolo m'nyumba muno masiku ano ndani? Mukuyesa sindiona?" Ndinangotenga chipewa nkuwatsatira.

Mayi wogulitsa m'sitolomo ndi wodziwa ntchito yake. Atamva nkhani yathu sanandichitire nkhope yachisoni ngati ndagonekedwa m'chipatala. Anaika mapulayasi atatu pakauntala, nkubweretsa chidutswa cha lamba wachikopa kuti tiyeserepo.

Yoyamba inali ngati yathu yomweyo, yachitsulo cholemera, sipuling'i yake youma. Sindinaisunthe nkomwe.

Yachiwiri inali yopepuka, zogwirira zake zoyandikana, zokutidwa ndi labala. Wogulitsayo anandionetsa kuti msomali wake umagonja wokha ng'ombe ikapukusa mutu, kotero khutu silingang'ambike. Ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse, koma inatsala pang'ono kwambiri kuti itseke. Amayi ako anaitenga ndi dzanja limodzi, nkungomva kuti khwa, tagi yalowa. Anadabwa okha.

Yachitatu inali ya zogwirira zazitali. Imeneyo ndinaitseka, koma ndi manja onse awiri. Ndinasangalala ngati mwana wopambana mayeso, nkunena kuti tatenga imeneyi. Wogulitsayo anandifunsa modekha kuti manja onse akakhala pa pulayasi, khutu aligwira ndani. Anawonjezera kuti msomali wa imeneyo sugonja, ng'ombe ikatembenuka ndikadali pakati pofinya, zija zichitikanso.

Ndinaima nthawi yaitali ndithu, pulayasiyo ili m'manja. Ng'ombe zimenezi kuyambira ali moyo agogo ako, wozibowola makutu ndakhala ine. Amayi ako anakhala ngati akuwerenga zolemba pa thumba la mchere wa ng'ombe, koma ndinkadziwa kuti makutu ali kwa ine. Pomaliza ndinaibweza pakauntala, nkunena kuti atipatse ija yokwana dzanja la mayiwa. Wogulitsayo anayesa matagi athu ngati akugwirizana ndi msomali wake, natipatsanso msomali wina wapadera.

Loweruka m'mawa tinagwira ntchito. Mapewa anga akadali ndi mphamvu, tsono ine ndimapana mutu wa ng'ombe m'khwapa, nkuloza ndi chala pobowola, amayi ako nkufinya. Pa ng'ombe yoyamba anatsinzina, ndinachita kuwauza kuti atsegule maso angandiveke ine ndolozo. Pofika yachinayi anali atayamba kundiuza kuti ndikulongolola kwambiri. Dzuwa lisanafike pamutu zonse zinali ndi manambala, popanda ngakhale imodzi yong'ambika. Mkwatibwi tinamuveka kukhutu linalo.

M'khola momwemo, ntchito ili mkati, ndinawapepesa amayi ako chifukwa cha mawu aja. Anati amva, koma ndigwire bwino mutu wa ng'ombe chifukwa ntchito sinathe.

Tsono pempho langa ndi ili. Za kugulitsa ng'ombe usazitchule, ndakugwira mwendo. Awirife tikukwanitsa. Koma zopita kuchipatala kukapimitsa thupi zija wakhala ukundiumiriza, ndavomera. Ubwere ukapeza mpata, tipite limodzi. Iwe umamva chilankhulo cha madokotala, komanso ndikapita ndekha ndikudzidziwa, ndikangowauza kuti ndili bwino.

Mwina waona kuti kalembedwe kasintha pa tsamba lachiwirili. Cholembera chinayamba kundipulumuka, ndiye amayi ako atenga. Ine ndikungonena, iwo akulemba, ndipo akukana kufufuta pomwe ndikuwauza kuti afufute.

Upereke moni kwa amuna ako, kwa ana, ndi kwa azakhali ako ukawaona. Mulungu akusungeni nonse ndi kukupatsani mphamvu pa ntchito zanu.

Ndine,
Bambo ako

Mwana wanga, ndine mayi ako, apa ndalemba zanga iwo atatuluka. Ubwere msanga asanasinthe maganizo. Ndipo ukafika usawagwirire chikho kapena kuwamangira mabatani. Uziwasiya amalize okha, ngakhale tiyi azizire.