Nsomba ya ku Beira ili m'beseni

Amake Evah,

Ndafika muli kumsika ku Sakubva, ndipo ndathamangira kuntchito kunjanji. Pepani, nyumba yanunkha. Chili m'besenicho si ng'ombe ayi, ngakhale mnofu wake ndi wofiira. Ndi nsomba yotchedwa tuna. Ndinaikoka ndekha dzulo m'kaboti ka abwana ku Beira, titapita kutali mpaka mtunda osaonekanso.

Ludzu litandigwira, ndinatapa madzi ndi dzanja monga tinkachitira m'bwato la bambo pa Shire. Ndinalavula, unali mchere wokhawokha. Azungu amene tinali nawo m'kabotimo anaseka, koma ine mtima unali ku Liwonde.

Musadikire kuti ndiweruke, iwola. Chichokereni kwathu simunadyepo nsomba yogwira ine. Ichekeni lero lomwe, muiwambe monga amayi anu ankawambira milamba. Mutu wokha mundisungire.

Kaitano